Usiku wa ku Zomba usatilande maphunziro a ana athu

Chaka chilichonse, maina a ophunzira amene asankhidwa kupita kusukulu za ukachenjede za boma akatuluka, m'makomo ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mumamveka nthungululu. Koma pakapita masiku owerengeka, m'makomo ena chimwemwecho chimasanduka mkangano, makamaka wosankhidwayo akakhala mtsikana ndipo malo ake ali ku Zomba. Amalume amatchula mabala a ku Chikanda ndi ku Matawale, azakhali amadandaula za mavalidwe a ku Chirunga, agogo amakumbukira zionetsero ndi utsi wokhetsa misozi. Mapeto ake banja limagamula kuti mwanayo ayambe wadikira, ndipo kudikirako kawirikawiri kumathera pa nikaah, maphunziro osayambika. Mantha amenewa ali ndi maziko, koma chigamulo chotere n'cholakwika, ndipo mtengo wake tidaulipirapo kale.

M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zidali m'manja mwa mamishoni. Makolo athu, poopa kuti ana awo asiya chipembedzo, adawasunga kunyumba ndi kumadrasa. Chikhulupiriro adachisungadi, koma madera athu adatsalira pa maphunziro kwa mibadwo ingapo, ndipo mpaka lero mabungwe monga Islamic Zakaat Fund akulipirira ana fizi pofuna kutseka mpata umenewo. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti khomo limene tidalimbana kuti litseguke tilitseke tokha chifukwa cha phokoso la bala.

Kuti tiumvetse usiku wa ku Zomba, tiyambe tamvetsa mzindawo. Zomba idali likulu la dziko lino mpaka m'chaka cha 1975 pamene boma lidasamukira ku Lilongwe. Chancellor College idafika ku Chirunga m'chaka cha 1973 kuchokera ku Blantyre, ndipo kuyambira 2021 ikuima payokha pa dzina la University of Malawi. Maunduna atachoka, malonda a m'tauniyi adatsamira pa asilikali, apolisi, ogwira ntchito m'boma amene adatsala, komanso ophunzira. Chiwerengero cha ophunzira chakula mofulumira kuposa zipinda zogona za pasukulu, choncho ambiri amachita lendi kunja kwa mpanda. Mwini nyumba amagawa nyumba yake tizipinda ting'onoting'ono. Woyandikana naye, poona achinyamata ambiri malo amodzi, amatsegula bizinesi imene imabweza ndalama msanga, ndiyo ya mowa. Magetsi akazima, kapena mwana akatopa ndi kachipinda kogona anthu angapo, malo owala ndi otsegula amene ali pafupi amakhala bala. Mtsikana wochokera kulaibulale usiku amadutsa njira yamdima, pakhomo pa anthu oledzera, asanafike pogona.

Izi zikutanthauza kuti gawo lalikulu la vutoli lili pa kamangidwe ka mzinda, ndipo kamangidwe kali ndi eni ake amene angafunsidwe. Zomba idakwezedwa kukhala mzinda m'chaka cha 2008. Aliyense wodutsa pamsewu wa M3 amaona mashopu atsopano, malo omwetsera mafuta ndi malo ogona alendo. Chitukuko chimenechi tikuchiyamikira, koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mzinda umene ukudya ndalama za ophunzira uyenera kuyesedwa ndi mmene ophunzirawo akugonera. Khonsolo ya mzinda ndiyo imapereka ziphaso zogulitsira mowa ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Tikuipempha kuti iike mtunda pakati pa mabala ndi nyumba zogona ophunzira, ionetsetse kuti nthawi yotsekera ikutsatidwa, iike magetsi m'njira zochokera kusukulu kupita kumene ophunzira amakhala, ndiponso ilembe m'kaundula nyumba zonse za lendi za ophunzira pozifunsa madzi, zimbudzi ndi zitseko zokhoma. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023 adatikumbutsa kuti nyumba zomangidwa m'mphepete mwa mitsinje ngati Likangala ndi msampha.

Msilamu samwa mowa, ndipo zimenezi sitikambirana. Komabe Zomba ndi mzinda wa anthu a zipembedzo zonse, ndipo malamulo a dziko amalola ena kumwa. Chimene tikupempha ndi dongosolo, ndiponso kuti wachinyamata wosamwa, Msilamu kapena Mkhristu, akhale ndi kopita dzuwa likalowa: malo omwera tiyi aukhondo, bwalo lamasewero lowala, chipinda chowerengera chotsegula mpaka usiku.

Pa nkhani ya mavalidwe, mbiri ya dziko lino ili ndi phunziro. M'chaka cha 1973 boma lidakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo lidathetsedwa m'chaka cha 1993. Mu January 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre adavula amayi pagulu chifukwa cha zovala zawo, chinthu chimene chidachititsa dziko manyazi. M'chaka cha 2019 mkangano wa hijabu udabuka pasukulu ya M'manga ku Balaka, ndipo padatenga zokambirana zotsogozedwa ndi Public Affairs Committee kuti m'chaka cha 2021 pakhale mgwirizano wolola atsikana athu kuvala hijabu m'sukulu zothandizidwa ndi boma zimene eni ake ndi mipingo. Mu May 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba komweko lidagamula kuti ana a Chirasta asabwezedwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Ufulu umene ukuteteza mpango wa mwana wathu ndi womwewo ukuteteza mnzake wovala mosiyana naye. Amene akufuna kuti hijabu ilemekezedwe asakhale woyamba kukuwiza mwana wa mnzake pamsika.

Kudzilemekeza m'mavalidwe kumaphunzitsidwa pakhomo, pakuti m'mera mpoyamba. Mtsikana amene adakula akudziwa chifukwa chimene amavalira mmene amavaliramo sasintha chifukwa choona ena. Chimene chimagwetsa ambiri ndi njala. Wophunzira amene lendi yamuthera, ngongole ya boma yachedwa, ndipo kunyumba sikukuchokera kanthu, ndiye amene zidyamakanda za magalimoto zimamudikirira pageti. Kholo lodera nkhawa khalidwe la mwana wake liyambe lafunsa ngati mwanayo wadya.

Zionetsero nazo tiziyeze mwachilungamo. Mu March 1992 ophunzira a ku Chirunga adatuluka poyera kugwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Chikatolika, pa nthawi imene akuluakulu ambiri ankaopa kutsegula pakamwa, ndipo chaka chotsatira dziko lidavotera ndale za zipani zambiri. M'chaka cha 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene adaphunzitsa m'kalasi, aphunzitsi ndi ophunzira adalimbana kwa miyezi yambiri poteteza ufulu wa maphunziro. Ufulu wolankhula umene tonse tikudyerera lero uli ndi thukuta lawo. Kutentha matayala pamsewu, kugenda magalimoto a anthu osalakwa ndi kuphwanya katundu wa sukulu tikukudzudzula popanda kubisa mawu, chifukwa wolipira amakhala kholo losauka lomwe lija. Koma mtima wokana chisalungamo ndi chuma chofunika kuchilozera koyenera. Ophunzira amene adatha kuyankhula ndi boma lonse angathe kuyankhula ndi khansala wa dera lawo. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020. Aligwiritse ntchito pofunsa kuti mabala ozungulira sukulu ali ndi ziphaso zotani, ndipo ndalama za misonkho ya mzinda zikupita kuti. Bungwe la ophunzira a Chisilamu ligwirane manja ndi magulu a Chikhristu pa nkhaniyi, pakuti njira yamdima sisankha chipembedzo.

Nafenso tili ndi gawo lathu. Amalonda athu a nsomba, mpunga ndi mtengatenga akhala akumanga mizikiti m'midzi yambiri, ndipo Allah awalipire zabwino. Tikuwakumbutsa kuti nyumba yogona atsikana ku Zomba, ya lendi yotsika, ya madzi, mlonda ndi mayi woyang'anira, nayonso ndi sadaka yopitirira imene mphoto yake siduka. Ma jamaat a maboma atatu kapena anayi atasonkherana, ntchito yotere siyingawakanike.

Kwa inu makolo amene mwana wanu wasankhidwa, msewu wochokera ku Mangochi kudzera pa Liwonde si wautali. Mperekezeni, mukaone chipinda ndi maso anu musanalipire, muyende naye njira imene aziyenda usiku, mukamuonetse kumzikiti ndi kubanja limodzi lodalirika la m'tauniyo. Mukatero mutumizireni kangachepe panthawi yake, ndipo muzimuimbira foni kawirikawiri. Dokotala wamkazi amene amayi athu amalakalaka kumupeza m'zipatala za m'mbali mwa nyanja, ndi loya amene adzaimirire asodzi athu pa milandu ya malo, adzachokera mwa ana amene tiwalole kupita chaka chino.