Connie Ferguson anakana kukalambira pa ganyu

Amene ankaonera Generations pa SABC1 sangamuiwale Karabo Moroka. Kuno kwathu ambiri amamutchulabe dzina lomweli mayiyu, chonsecho iye ndi Connie Ferguson, wobadwira ku Kimberley mu 1970 n'kukulira ku Lobatse m'dziko la Botswana. Anakhala Karabo kuyambira 1994, seweroli likungoyamba, mpaka 2010.

Zaka 16 nkhope yake inkalowa m'nyumba za anthu madzulo, koma sewerolo silinali lake. Analiyambitsa ndi Mfundi Vundla. Wazisudzo, kaya atchuke chotani, amafanana ndi waganyu: amalima n'kulandira zake, zokolola n'kulowa m'nkhokwe ya mwinimunda.

Ichi n'chimene Connie anachizindikira nthawi ikadalipo. Mu 2010 iye ndi mwamuna wake Shona anatsegula kampani yawo ya Ferguson Films. Kumeneko n'kumene kunachokera Rockville, kenako The Queen, imene inayenda pa Mzansi Magic kuyambira 2016 mpaka 2023, iye akusewera ngati Harriet Khoza, ndiponso Kings of Jo'burg pa Netflix. Tsopano ankaonekabe pakanema, koma malipiro a anzake ankachokera m'manja mwake. Shona atamwalira ndi Covid-19 mu 2021, ntchito sinaime.

Zimene zinagwera anzake amene anatsala ku Generations zikutsimikiza kuti anaganiza bwino. Mu 2014 azisudzo 16 ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino komanso kangachepe seweroli likamaonetsedwanso. Onse anachotsedwa. Pofika Disembala chaka chomwecho, sewerolo linabwerera ndi dzina loti Generations: The Legacy, ndipo Connie anavomera kukhalanso Karabo kwa kanthawi. Mayina amene tinkaganiza kuti popanda iwo palibe sewero, anangofufutidwa.

Komatu sindikuti mayiyu ndi mngelo. Mu 2019 Vatiswa Ndara, amene ankasewera mu iGazi, sewero lina la kampani ya Connie, analembera kalata nduna Nathi Mthethwa kudandaula za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito ku Ferguson Films. Eni kampaniyo anakana zonenazo. Kaya wolondola anali ndani, nkhaniyi inaonetsa kuti madandaulo a ku Generations anamutsatira Connie atakhala bwana. Vuto silithera pa munthu mmodzi kulemera. Limafuna malamulo oteteza onse ogwira ntchitoyi.

Ndikunena izi poganizira atsikana athu amene akuthamangira mafilimu lero. Ambiri amasangalala akangoona nkhope yawo pa YouTube kapena anthu akawaloza mumsika, osafunsa kuti filimuyo ndi ya ndani, nanga ikagulitsidwa kwina iwo apezapo chiyani. Kutchuka sikulipira lendi.

Mwana wanga, usanaime kutsogolo kwa kamera, pempha mgwirizano wolembedwa ndipo uuwerenge wonse. Phunzira kulemba nkhani ndi kuyendetsa ndalama za filimu. Ndipo tsiku limene udzakhale bwana, udzawalipire anzako monga unkafunira kuti akulipire iwe.