Onani malire a ngongole musanavomere oda

M'mahoselo akuluakulu, kasitomala aliyense wotenga katundu pangongole amakhala ndi malire ake. Oda ikafika, kompyuta imaphatikiza ngongole yakale, maoda omwe adavomerezedwa koma katundu sanatuluke, ndi oda yatsopanoyo. Zikapitirira malire, odayo imaimitsidwa mpaka kasitomala atalipirako kapena bwana atavomereza. Ine ndikuti nafenso a magolosale ndi maokala titengere njira imeneyi, ngakhale chomwe tili nacho ndi kabuku ndi cholembera basi.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa lesitilanti mwamuikira malire a K200,000. Ali kale ndi ngongole ya K150,000, ndipo lero akufuna mpunga ndi mafuta ophikira za K80,000. Zonse pamodzi ndi K230,000, kutanthauza kuti wapitirira ndi K30,000. Apa simukuyenera kumubweza chimanjamanja. Alipireko K30,000 pamanja kapena pafoni, apo ayi mumupatse katundu wa K50,000, wotsalayo adzatenge akabweza.

Chachikulu ndi nthawi yomwe mwatsegula kabukuko. Katseguleni oda ikangofika, musanayeze mpunga, musanaitane wakabaza. Kutsitsa katundu yemwe wamangidwa kale panjinga kumachititsa munthu manyazi pagulu, ndipo ndi pomwe ubale umathera.

Malire asakhale a ndalama zokha, akhalenso a masiku. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo kokapikula n'kukwera. Amene adakongoza pamtengo wakale n'kulandira ndalama mochedwa adapeza kuti sizikukwanira kugula katundu yemwe uja.

Ena amati malire amathawitsa makasitomala. Alipodi ena amene adzapite kwa mnzanu wapafupi, koma taonani kuti ndi ati. Wobweza bwino sadandaula chifukwa malire ake amakwera akamasunga pangano. Wothawa nthawi zambiri ndi uja amafuna kuyendetsa geni yake ndi mpamba wanu, inu n'kumalephera kukapikula. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Choncho muuzeni kasitomala malire ake tsiku loyamba, mulembe m'kabuku, asainire. Muuzenso mwana kapena wantchito amene amatsala pashopu, kuti oda yopitirira malire asamaivomere yekha inu mukachokapo. Akhale mlamu wanu, akhale mnzanu wakutchalitchi, lamulo likhale limodzimodzi.