Abwenzi a Yobu asapitenso ku Chilobwe

Pakati pa mwezi wa Malichi 2023, anthu a ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre ankakumba matope ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja okha. Ankafunafuna ana awo, amayi awo ndi anansi awo amene dothi ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinawakwirira m'nyumba. Namondwe wa Freddy, amene anadzetsa tsokali, anayambira kutali, kufupi ndi Australia, n'kukhala m'nyanja ndi pamtunda masiku 36. Atalowa kachiwiri ku Mozambique kudzera ku Quelimane, anagwetsa chimvula chosalekeza m'chigawo cha kummwera kwa dziko lino. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje nako kunali maliro okhaokha. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, oposa 600,000 anasiya nyumba zawo, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula kuti dziko likhuze maliro kwa masiku 14.

Matope asanaume n'komwe, ofotokoza anali atayamba kale. M'maminibasi, pa WhatsApp ndiponso m'maguwa ena, mawu anali amodzi: dziko lachimwa, Mulungu wakwiya. Mawu amenewa ndi opweteka kwambiri kwa munthu amene wangoika ana ake m'manda, ndipo chachikulu n'chakuti Baibulo limene olankhulawo amanyamula likuwatsutsa.

Yobu anataya chuma, ana khumi ndi thanzi lake. Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anabwera kudzamupepesa, ndipo poyamba anachita bwino: anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osatsegula pakamwa. Zinthu zinasokonekera atayamba kulalikira. Anamuuza kuti palibe amavutika popanda chifukwa, choncho afufuze tchimo limene akubisa. Yobu anakana, analira, anatemberera tsiku limene anabadwa, anafuna kuonana ndi Mulungu maso ndi maso kuti amufunse. Kumapeto kwa buku la Yobu Mulungu anakwiyira abwenzi aja, osati wodandaulayo, ndipo anawatuma kwa Yobu yemweyo kuti akawapempherere.

Yesu naye anakumana ndi maganizo omwewa. Mu Luka 13 akutchula ngozi ya nsanja ya ku Siloamu imene inagwera anthu 18, ndipo akukanitsitsa kuti anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Mu Yohane 9 ophunzira ake anafuna kudziwa ngati munthu wobadwa wosaona analakwa yekha kapena analakwa ndi makolo ake. Iye anakana zonse ziwiri, n'kumuchiritsa. Kodi ana a ku Ntauchira analakwa chiyani chimene anthu a ku Nyambadwe ndi Namiwawa, okhala m'nyumba za maziko olimba, sanalakwe?

Chikhristu sichinalonjezepo kuti chidzafotokoza chifukwa cha tsoka lililonse. Chimene chimaika patsogolo pa wovutika ndi Mulungu amene anavutikapo yekha. Yesu analira pamanda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa posachedwa. Pamtanda anafuula ndi mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa Atate chifukwa chimene amusiyira. Ngati Mwana wa Mulungu anafunsa funso limenelo, mayi wa ku Muloza amene akulira kuti "Ambuye, munali kuti?" sanagwe m'chikhulupiriro. Iye akulankhulabe ndi Mulungu, ndipo munthu salankhula ndi amene wamutaya mtima. Pamaliro athu timafulumira kunena kuti "limbani mtima, musalire ngati achikunja". Mwina ndi bwino kumusiya namfedwa alire mpaka atatopa, wina atamugwira paphewa.

Nanga chikondi cha Mulungu chinaoneka pati masiku amenewo? Amene anafika kumisasa ya anthu othawa madzi anachiona. Matchalitchi ndi masukulu anasanduka malo ogona. Amayi a Mvano, amayi a Dorika ndi akhristu a m'miphakati anatolera ufa, zitenje, mabulangete ndi ndowa. Panali mayi woti nayenso kwawo ufa watsala wa tsiku limodzi, koma ali kalikiliki kutakasa phala m'chimphika chachikulu, utsi wa nkhuni zonyowa uli m'maso, ana osawadziwa atandanda ndi makapu. Panali anyamata amene ananyamula mitembo ya anthu achilendo pamachira opanga okha, matope akufika m'maondo. Asilamu anagwira ntchito limodzi ndi akhristu, osafunsana za chipembedzo. Wokhulupirira akaona zimenezi amadziwa kuti sanatayidwe, chifukwa Chipangano Chatsopano chimatcha mpingo thupi la Khristu, ndipo thupi limagwira ntchito ndi manja.

Pali mawu enanso ofunika kuwasamala: "chinali chifuniro cha Mulungu". Akatuluka pakamwa pa namfedwa amene wasowa pogwira, ndi pemphero, ndipo palibe ayenera kumudzudzula. Koma akatuluka pakamwa pa amene anali ndi udindo, amakhala pobisalira. Phiri la Soche silinametedwe mpala ndi angelo. Mitengo inapita ku makala ndi nkhuni, ndipo anthu osauka anamanga m'malo otsetsereka poti malo abwino mumzinda sangawakwanitse. Dziko lino linachenjezedwa kale. Napolo anagumula phiri la Zomba mu 1946, ndipo mu 1991 madzi ndi miyala zinapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Namondwe wa Idai anabwera mu 2019, wa Ana mu 2022 n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira. Freddy anapeza dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700, matenda odziwika bwino kuti amayenda m'madzi akuda. Kukhulupirira chikondi cha Mulungu sikutseka pakamwa pa zinthu izi. Aneneri monga Amosi ankakonda Mulungu, n'chifukwa chake sankawanyengerera akuluakulu opondereza amphawi.

Tisaiwalenso amalonda a mavuto. Alipo amene amauza mkazi wamasiye kuti tsoka lake lidzatha akagula mafuta odzozedwa kapena akafesa mbewu ya ndalama. Amenewa akumuphunzitsa kuti chikondi cha Mulungu chili ndi mtengo, ndiye zinthu zikapanda kusintha amadziona wosakwanira pamaso pa Mlengi wake. Akumubera kawiri, ndalama ndi chiyembekezo. Mtumwi Paulo anapemphera katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke ndipo sunachoke, koma palibe angati Paulo anali wa chikhulupiriro chochepa. Ndi yemweyo amene mu Aroma 8 anaika njala, usiwa, zoopsa ndi imfa pamndandanda wa zinthu zolephera kumulekanitsa ndi chikondi cha Khristu. Analemba zimenezo atakwapulidwapo kale, ataponyedwapo miyala ndiponso atalawapo ndende.

Makamera anachoka ku Chilobwe kalekale, misasa inatsekedwa, koma alipo makolo amene mpaka lero sanaone mtembo wa mwana wawo. Mvula ikayamba kugunda pamalata usiku, tulo timawathawa. Abusa, ansembe ndi akulu a mpingo awayendere anthu amenewa m'makomo mwawo, akhale nawo pamphasa ndi kuwamvetsera. Mwezi wa Malichi ukafika, mayina a omwalira atchulidwe m'tchalitchi mmodzimmodzi. Achinyamata a mpingo akwere mapiri a Soche ndi Michesi atanyamula mbande za mitengo, ndipo atsogoleri a mipingo afunse boma poyera kuti mabanja amene akukhalabe m'malo oopsa adzapatsidwa liti malo otetezeka.