Tsitsani voliyumu, kwezani masipika

Loweruka lililonse m'maholo a ku Area 3, kuyambira ku raundabauti ya Mchinji mpaka kutsikira ku mlatho wa Lilongwe, nkhani ndi imodzimodzi. Ankhoswe kutsogolo atseka makutu, azakhali kumbuyo akufunsana kuti, "Wati chiyani MC?" Mukadandaula, a DJ amangowonjezera voliyumu, ngati kuti vuto ndi kuchepa kwa mphamvu.

Taonani kumene aika masipikawo. Onse anayi aunjikidwa pansi pakona imodzi, akuombera m'mawondo mwa anthu a mzere woyamba. Matupi a anthu amamwa mawu. Otsalawo amakagunda khoma la simenti, matailosi ndi malata, n'kubwerera ali phala. Kuwonjezera voliyumu n'kungowonjezera phalalo.

Sipika iyenera kukhala pasitandi, pamwamba pa mitu ya anthu, yoweramira pang'ono kwa omvera, ndiponso kutsogolo kwa maikolofoni. Ikakhala kumbuyo kwake, m'pamene mumamva kulira kuja kwa tswiii abusa asanamalize "Aleluya". Holo ikakhala yaitali, pakati pake pakhale masipika ena awiri ang'onoang'ono, ochedwetsedwa pang'ono, chifukwa mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi pomwe a m'waya afika kalekale.

Za mawaya ndiye zomvetsa chisoni. Masipika awiri a ma ohm 8 mukawalumikiza mogundizana, kufiira ku kufiira, kukuda ku kukuda, amatsika kufika pa 4. Akakhala anayi, pa 2. Maampulifaya ambiri sapirira zimenezo: amatentha n'kuzima perekaniperekani ali mkati, anthu n'kuyamba kunamizira ESCOM. Mukasemphanitsa mawaya pa sipika imodzi, besi imadyana yokha, ndiye a DJ amathamangira kukabwereka sipika ina. Nanga mawaya opyapyala omangidwa ndi jumbo m'malo mwa tepi, odutsa pomwe pakuvina ana?

Mu 2022 bungwe la WHO lidati m'malo achisangalalo phokoso lisapitirire madesibo 100 poyeza pa mphindi 15. Ana athu amavina atakumbatira sipika masana onse, ndipo khutu likaonongeka ndi phokoso silichira.

Makomiti a ukwati, mumakangana miyezi pa za keke ndi dekoreshoni, koma wa zoimbira mumangomufunsa kuti, "Muli ndi masipika angati?" Mufunseni kuti awaika pati. Abwere dzulo lake, alankhule pa maikolofoni, wapampando atakhala mpando wakumbuyo kwenikweni. Ngati sakumva, musapereke dipoziti.