DZUWA NDI LAULERE, KOMA MAGETSI AKE ALI NDI MTENGO

Ciyambire cilala ca 2024, nkhani ya magetsi ocokera ku dzuwa yafika m'midzi yambiri ya m'boma la Chongwe. Ogulitsa mapanelo ndi a mabungwe alalikira uthenga umodzi, wakuti dzuwa ndi laulere. Mau amenewa ndi oona. Koma mlimi wa ku Kanakantapa kapena wa ku Chalimbana ayenera kudziwa kuti mapanelo, mabatire, mapampu ndi mawaya zigulidwa kunja ndi madola, ndipo pamapeto pake wina ayenera kulipira.

Palibe munthu wanzeru angakane kuti nyengo yasintha. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali ngozi yogwera dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia acokera ku madzi, panali masiku amene magetsi anazima maola 21. Zigayo zinaima, owocherera zitsulo anakhala manja lende. Dziko silingapitirize kudalira mvula yokha, motero kufuna magetsi a dzuwa ndi nzeru. Funso lofunika ndi lakuti mtengo wake ndi wotani, ndipo ausenza ndani.

Mu 2019 malo opangira magetsi a dzuwa ochedwa Bangweulu, a mamegawati 54, anatsegulidwa kum'mwera kwa Lusaka. Mtengo wake wa masenti 6.02 a ku America pa yuniti unatamandidwa kuti unali pakati pa mitengo yotsika kwambiri mu Africa. Cimene sicichulidwa kawirikawiri n'cakuti mtengowo unatheka cifukwa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inaima kumbuyo ndi ngongole zofewa ndi cikole, ndiponso kuti ZESCO inalonjeza kugula magetsiwo zaka 25 pa mtengo wowerengedwa m'madola. Kwacha ikagwa, ndalama zolipira zikwera. Kuwonjezera apo, dzuwa lilowa nthawi imene mabanja afuna kuphika ndiponso ana afuna kuwerenga. Madzulo dziko libwereranso ku Kariba, ku Kafue Gorge ndi ku malasha a ku Maamba, kapena ligule mabatire aakulu, amene ali ndi mtengo waowao.

Mu June 2025 malo ena a mamegawati 100 anatsegulidwa ku Chisamba, boma loyandikana ndi Chongwe, ndipo anadya madola pafupifupi 100 miliyoni. Magetsi ake anakonzedwa makamaka kuti agulitsidwe ku migodi ya First Quantum. Kutero si kulakwa, pakuti migodi ibweretsa ndalama zakunja ndi nchito. Koma anthu a m'midzi asaganize kuti mapanelo akayalidwa pafupi ndiye kuti nyumba zao zawala. Kuti magetsi alowe m'mudzi pafunika mapolo, mawaya, thiransifoma ndi ndalama zolumikizira, ndipo zonsezi zili ndi ozilipira.

Ena anena kuti maiko olemera adzalipira, popeza ndiwo anaononga nyengo ndi utsi wa mafakitale ao. Ndi zoona kuti Africa yense atulutsa utsi wosafika magawo 4 pa 100 a utsi wa dziko lapansi. Koma mbiri ya malonjezo amenewa ndi yofunika kuikumbukira. Ku Copenhagen mu 2009 maiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni caka ndi caka pofika 2020. Malinga ndi bungwe lao lomwe la OECD, ciwerengeroco cinakwanira mu 2022, ndipo gawo lalikulu la ndalama zocokera ku maboma linali ngongole. Ku Baku mu 2024 analonjeza madola 300 biliyoni pa caka pofika 2035, pamene maiko osauka anapempha 1.3 thililiyoni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Dziko la Zambia, limene linalephera kulipira ngongole zake zakunja mu November 2020, lidziwa kuwawa kwa ngongole. Ngongole yochedwa ya nyengo ibwezedwa ndi msonkho wa mwana wa mlimi monga ngongole ina iliyonse.

Pa misonkhano imeneyi sipakhala nthumwi za maboma zokha. Ku Dubai mu 2023 mabungwe oona za cilengedwe anawerenga anthu 2,456 oimira makampani a mafuta, gasi ndi malasha, amene anapita kukanyengerera akuluakulu kuti malonda ao asakhudzidwe. Nawonso ogulitsa zipangizo za dzuwa ndi amalonda a nkhalango ali ndi owalankhulira. Aliyense apita kukateteza phindu lake. Mai wolima tomato m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe alibe womulankhulira m'zipinda zimenezo.

Malonda a nkhalango ndiwo akhudza nthaka ya makolo mwacindunji. Mudzi ulonjeza kusadula mitengo, kusaocha makala ndi kusaswa mphanje m'dera lina, ndipo kampani igulitsa lonjezolo kwa makampani akunja ofuna kulipirira utsi wao. Ku Rufunsa, dera limene kale linali mbali ya boma la Chongwe, kampani ya BioCarbon Partners inayamba nchito yotere, ndipo midzi ilandira gawo la ndalama. Kusunga mitengo ndi cinthu cabwino, cifukwa nkhalango ikatha mitsinje iuma. Koma mtengo wa malondawa uikidwa kutali, ndipo unagwa mu 2023 pamene manyuzipepala a ku Ulaya anakaikira ngati nchito zambiri zotere padziko lapansi zicitadi zimene zinena. Woocha makala aleka ndalama yake lero, pamene ndalama ya nkhalango idalira msika umene sanauonepo. Boma linaika malamulo mu 2021 akuti nchito zotere ziyenera kukhala ndi cilolezo.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nyakwawa, makhansala ndi makomiti a citukuko a m'mawadi asacite manyazi kufunsa mlendo aliyense wobwera ndi mapepala. Afunse ngati ndalamazo ndi mphatso kapena ngongole, ndi amene adzabweza. Afunse zaka za pangano, malire a nthaka yokhudzidwa, ndi gawo la ndalama lofika m'mudzi. Pangano liwerengedwe poyera m'cilankhulo ca anthu, ndipo nkhani ya nthaka ifike kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II munthu asanadinde cala. Banja logula nyali za dzuwa pa ngongole liwerengere ndalama zonse za miyezi yolipira, pakuti nyali zambiri zotere zizimitsidwa munthu akacedwa kulipira, ndipo batire litha mphamvu patapita zaka zowerengeka. Mjigo wa pampu ya dzuwa, ngakhale wogulidwa ndi ndalama za CDF, ukhale ndi thumba lokonzetsera ndiponso wacinyamata wa m'mudzi momwemo wophunzitsidwa kuukonza.

Pamene dzuwa likoka madzi othirira dimba, kusunga mankhwala pa kiliniki ndi kuunikira sukulu, phindu lake lioneka ndi maso, ndipo dimba lothiriridwa litha kubweza ndalama za pampu. Nchito zotere ziyenera kukhala patsogolo m'mapulani a mawadi onse a Chongwe. Zina zonse zilandiridwe mwaulemu monga mwa mwambo, koma anthu asavomere kanthu asanamve mtengo wake wonse.