ZA PAKHOMO NDI PANTCHITO: Puloti Imodzi, Nthaka Ziŵiri

Munthu amene adadziŵa Chitipa phula lisanafike, akatsika pa boma lero amayamba waima ndi kuyang'ana uku ndi uku. Mseu wochokera ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100, udamangidwa ndi thandizo la dziko la China ndipo udatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Ulendo umene kale unkadya tsiku lathunthu m'nyengo ya dzinja udafupika, malonda a ku Nakonde ndi ku Tunduma adakula, ndipo pamodzi ndi phulalo padabwera njala yomanga. Masitolo, zigayo, nyumba zogona alendo ndi nyumba zosungiramo chimanga zamera m'mbali mwa mseu. Ambiri mwa eni ake ndi abale athu a mu Mpingo: mphunzitsi amene wapuma pantchito nalandira ndalama zake zonse pakamodzi, mayi wamasiye wa ku Umanyano, mlimi wa khofi wa ku Misuku, mnyamata amene akutumiza thukuta lake kuchokera ku Johannesburg. Tikuyamika Mulungu chifukwa cha khama lotere. Koma tili ndi nkhaŵa ndi mbali ina ya nyumbazi imene wodutsa pamseu saiona.

Tikukumbukira sitolo ina imene banja lina lidamanga m'chilimwe chimodzi, nilipaka utoto wokongola kumaso kwake. Mvula itagwa kaŵiri, khoma la m'mbali lidang'ambika kuyambira pansi kufikira kudenga, ndipo chitseko cha chipinda cha kumbuyo chidayamba kukana kutsekeka. Chodabwitsa chinali chakuti mng'aluwo unkayasama m'mwezi wa Okutobala, dzanja kumaloŵa, koma pofika Febuluwale unkabwerera pang'ono ngati bala limene likupola. Apa anthu adayamba kunong'onezana kuti khoma lopuma mpweya chotere lili ndi mwini wake, ndipo dzina la mlamu wina wosauka lidayamba kutchulidwa. Nkhaniyo idatsala pang'ono kufika ku Seshoni. Mwamwayi mkulu wa mpingo wina, amene adagwirapo ntchito ya miseu, adapempha khasu ndi piki. Adakumbitsa dzenje kumaso kwa sitolo napeza katondo wolimba. Adakumbitsa lina kumbuyo napeza makande akuda, chifukwa pulotiyo idathera m'mphepete mwa dambo. Sitolo inali itaponda mwendo umodzi pouma, wina pamatope. Mlamu uja sadalakwe kanthu, komatu mpaka lero moni wa pakati pa mabanja aŵiriwo ndi wozizira.

Chitipa ndi boma la zilankhulo zambiri, Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyika, Chitumbuka ndi zina, ndipo nthaka yake ili chimodzimodzi: ukayenda pang'ono, yasintha. Pa zitunda pali katondo wofiira amene amasenza katundu bwino. M'madambo a m'chigwa muli makande. M'mbali mwa mitsinje monga Songwe ndi Lufira muli mchenga ndi dothi lobwera ndi madzi, pamene ku mapiri a Misuku ndi Mafinga vuto ndi kutsetsereka kwa malo ndi madzi othamanga. Makande ndiwo mdani wochenjera. Akamwa madzi amatupa nakankhira maziko m'mwamba. Dzuŵa likaŵala amauma, amang'ambika, nabwerera pansi. Nyumba imene yakhala yonse pa nthaka imodzi ikhoza kutitimira pang'ono mofanana, mwini wake osadziŵa konse. Koma mbali imodzi ikamayenda inzake ili chiimire, njerwa sizidziŵa kupindika, zimangothyoka.

Pali nthaka inanso yonyenga imene timaipanga tokha. Pa boma ndi pa malo a malonda monga Nthalire, Kameme ndi Chisenga, puloti zambiri zidakhalapo ndi eni ena kale. Pena panali dzenje loumbiramo njerwa limene lidakwiriridwa ndi zinyalala, pena chimbudzi chakale, pena chulu chimene adachisalaza koma mphanga za chiswe zikadali pansi. Udzu ukamerapo, pamwamba pamaoneka bwino lomwe.

Tsono tichitenji? Choyamba ndi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Agogo amene akhala pamalopo zaka zambiri amadziŵa pamene madzi amaima, ndipo sadzakulipiritsani. Pitani mukaone pulotiyo mu Febuluwale mvula ili pakati, chifukwa mu Seputembala malo alionse ndi abwino. Kenaka, chingwe chisanamangidwe, kumbani maenje oyesera: limodzi pa ngodya iliyonse ndi lina pakati, lakuya mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Yang'anani mitundu ya dothi m'khoma la dzenje lililonse, ndipo muwasiye maenjewo usiku, otchingidwa bwino chifukwa cha ana ndi ziŵeto, kuti muone ngati madzi atulukamo. Tengani dothi la pansi, mulinyoŵetse, mulipote m'manja. Likapoteka ngati chingwe chachitali osaduka, ndiye kuti dongo lachuluka. Amayi athu oumba mbiya akhala akuyesa dothi motere kuyambira kale, ndipo pa ichi amatiposa ambiri a ife amene tidapita kusukulu. Ntchito yonseyi ndi ya anyamata aŵiri masiku aŵiri.

Maenje onse akaonetsa katondo wolimba, maziko wamba akwanira nyumba yosasanja. Ngalande ipitirire dothi la pamwamba la mizu ndi manyowa kufikira pouma mbee. Amisiri ambiri amatsata lamulo lakuti m'lifupi mwa konkire ya pansi mukhale katatu kuchindikala kwa khoma. Chotero khoma la masentimita 23 lifuna ngalande ya masentimita pafupifupi 70. Msanganizo wozoloŵereka ndi muyeso 1 wa simenti, 3 ya mchenga ndi 6 ya miyala, zonse zoyezedwa ndi ndowa imodzimodziyo, osati ndi maso. Konkire ithiriridwe madzi masiku 7, ndipo tidziŵe kuti mphamvu yake yoyembekezeka imafika patapita masiku 28.

Koma maenje akasiyana, pamenepo sipofunikanso nzeru za pabwalo, itanani injiniya. Iye akhoza kunena kuti mukumbe kupitirira makande mpaka mupeze nthaka yosasuntha, kapena muchotse makandewo ndi kuthira dothi la miyala, kulitsendera zolimba masentimita 15 alionse. Akhoza kulamula zitsulo m'maziko, kapena konkire imodzi yochindikala ya zitsulo yoyala pansi pa nyumba yonse, kuti ikamayenda iyende pamodzi ngati bwato. Nthaŵi zina nzeru yotsika mtengo ndi kugaŵa nyumba yaitali paŵiri ndi kusiya mpata waung'ono pakati, kapena kungoisuntha mapazi angapo kuchoka kudambo. Pamalo otsetsereka, pansi pa ngalande pasatsate phiri. Padulidwe ngati makwerero, gawo lililonse lili lathyathyathya. Ndipo kulikonse, madzi a padenga asagwere patsinde pa khoma. Khonde la simenti lozungulira nyumba ndi ngalande yotaya madzi kutali zapulumutsa nyumba zambiri, pamene mtengo wa bulugama wobzalidwa pafupi ndi khoma pa makande waononga zambirinso, popeza mizu yake imamwa madzi mbali imodzi.

Tikudziŵa chimene chimavuta. Thumba la simenti la makilogalamu 50 likafika ku Chitipa limakhala litayenda mtunda wautali, ndipo mtengo wake umaŵaŵa. Ndalama yokwiriridwa pansi palibe amene amaiyamika. Alendo amayamika malata, magalasi ndi utoto. Motero mwini nyumba amauza mmisiri kuti achepetse pansi, ndipo mmisiri, poopa kuti ntchito ipita kwa mnzake, amavomera. Penanso mwini ali kutali, watumiza ndalama ya matumba okwanira, koma ena aloŵera kwina, ndipo pa foni amangolandira chithunzi cha khoma litakwera kale. Ichi tikuchitcha ndi dzina lake: ndi kuba, ngakhale wochitayo akhale m'bale wa bere limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Fanizo la Ambuye la omanga aŵiri tonse tidaliloŵeza ku Sande Sukulu, ndipo sitifuna kulilalikira pano. Tingokumbutsa kuti pa Luka 6 womanga wanzeru uja akuyamikiridwa chifukwa chokumba mozama. Amene adanena fanizolo adakulira m'nyumba ya mmisiri.

Pali chifukwa china chimene anthu a kumpoto sayenera kuiŵala. M'mwezi wa Disembala 2009 zivomezi zotsatizana zidagwedeza Karonga, chachikulu chofika pa muyeso wa 6.0. Anthu adamwalira, ambiri adavulala, ndipo nyumba zikwizikwi zidagwa kapena kung'ambika, makamaka za maziko osaya ndi za njerwa zomangidwa ndi dothi. Mu Malichi 1989 zoterezi zidachitikanso ku Salima. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'maŵa kwa Africa, ndipo Chitipa ndi mnansi wa Karonga. Nyumba ya malonda imasonkhanitsa anthu amene sadaone mmene idamangidwira: ogula, ana otumidwa mchere, alendo ogona usiku. Nchifukwa chake mkanda wa konkire ndi zitsulo womanga makoma onse pamodzi pamwamba pa mazenera suyenera kudumphidwa. Nchifukwa chakenso tikudandaula ndi chizoloŵezi chosanjika chipinda cha pamwamba pa maziko amene adakumbidwira nyumba ya pansi yokha, malonda akangoyenda bwino. Mapulani apite ku khonsolo, ndipo kontrakita afunsidwe ngati adalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga.

Inu achinyamata amene mukuphunzira zomangamanga, kapena mukugwira ganyu yoponda konkire patchuthi, ndinu amene mumaona zimene zimaloŵa m'ngalande dothi lisanabwezedwe. Bambo kapena amalume akafuna kufupikitsa, lankhulani mwaulemu, koma lankhulani. Ndipo inu makolo, tsiku lothira maziko musatume munthu. Khalanipo nokha, muŵerenge matumba, mujambule ngalande isanakwiriridwe.

Kwa amene nyumba zawo zang'ambika kale, musafulumire kumata ndi kupaka utoto. Matani kachigamba kopyapyala ka simenti kodutsa pa mng'alu, mulembepo tsiku, ndipo mukaone mwezi ndi mwezi kufikira dzinja ndi chilimwe zitadutsa. Kakakhala kosasweka, nyumba yakhazikika ndipo mukhoza kukonza khomalo. Kakasweka, yambani mwachotsa madzi patsinde pa nyumba, kenaka muitane injiniya adzakumbe aone. Koma mng'alu ukamakula msanga, kapena khoma likayamba kupendekeka, tulutsani anthu ndi katundu tsiku lomwelo.