MLENDO NDI MAME: PHUNZIRO LA MAFUMU A KU ANBAR

Mu Sepitembala 2006, mafumu a Asilamu a Chisunni a m'chigawo cha Anbar, kumadzulo kwa dziko la Iraq, anagwirizana mumzinda wa Ramadi kuti apirikitse zigawenga za Al-Qaeda zimene zinamanga misasa pakati pawo. Anawatsogolera ndi Sheikh Abdul Sattar Abu Risha, amene bambo wake ndi abale ake ena anaphedwa ndi zigawenga zomwezo. Gulu lawo linatchedwa Sahwa, ndiye kuti kugalamuka.

Zimene asilikali a ku America analephera kuchita ndi ndege ndi akasinja, mafumuwa anazichita, pakuti mwini mudzi ndiye adziwa khomo limene mbala yagona. Anyamata pafupifupi 100,000 analowa m'magulu otere, ndipo aliyense ankalandira madola 300 pamwezi kuchokera kwa Amereka. Pofika 2008 kuphana kunachepa kwambiri, ngakhale Abu Risha mwiniwake anaphedwa ndi bomba pa 13 Sepitembala 2007.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kuyambira mu Okutobala 2008 udindo wolipira anthuwa unaperekedwa ku boma la Nduna Yaikulu Nouri al-Maliki, limene atsogoleri ake ambiri anali a Chishia. Bomalo linalonjeza kulemba mmodzi mwa asanu alionse m'gulu la nkhondo kapena la polisi, ndi kupezera otsalawo ntchito zina. Lonjezolo silinakwaniritsidwe mokwanira. Malipiro ankachedwa, atsogoleri ena anamangidwa, ndipo asilikali a ku America atachoka mu Disembala 2011, amene anamenyera nkhondo dziko lawo anatsala pamtetete. Akuluakulu ananena kale kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Zigawenga zinabweranso ndi dzina la Islamic State, zinalanda Fallujah ndi Mosul mu 2014, ndipo chaka chomwecho zinapha anthu mazanamazana a fuko la Albu Nimr chifukwa chokana kuzigwadira. Ramadi, kumene Sahwa inabadwira, inagwa mu Meyi 2015. Boma linalengeza kuti lapambana nkhondoyo mu Disembala 2017, mizinda yambiri itasanduka mabwinja.

Ena amati boma linachita bwino kukayikira maguluwa popeza ena mwa iwo anali oukira kale, ndiponso kuti mfuti siyenera kukhala m'manja mwa fuko lililonse. Mfundo yachiwiriyi ife tikuivomereza ndi mtima wonse. Koma njira yochotsera mfuti m'manja mwa fuko ndiyo kumlowetsa mwini mfutiyo m'gulu la nkhondo la dziko lonse, pansi pa lamulo limodzi ndi mwambo umodzi, osati kumtaya ntchito ikatha.

Boma limene lipempha nzika zake kuti zikhale zokhulupirika liyenera nalonso kukhala lokhulupirika kwa izo. Atsogoleri a ku Baghdad anaiwala zimenezi, ndipo amene analipira ndi magazi awo ndi anthu wamba a ku Anbar.